KODI NAMBALA ILI NDI MLANDU?

Mnzathu wina wa chaka chachinayi, amene adakhalapo ku China miyezi ingapo pa maphunziro, adatisimbira nkhani ku kafeteriya imene idatiseketsa mpaka nsima kuzizira m'mbale. Akuti tsiku lina adalowa m'chikepe cha nyumba yaitali ya alendo nayamba kuwerenga mabatani: 1, 2, 3, 5. Poyamba adayesa kuti batani limodzi lidathothoka, koma atakweza maso adapeza kuti 14 palibe, 24 palibenso. Atafunsa adamuyankha kuti eni nyumbayo adachita dala, pakuti alendo ambiri sakonda kugona pa nsanjika yachinayi. Mnyamata wina wophunzira masamu adaika supuni pansi nati, "Anthu oti amatumiza zombo kumwezi angamaope 4?" Tonse tidafa ndi phwete.

Inenso ndidaseka nawo. Koma pobwerera ku hositelo nkhani ija idakana kuchoka m'mutu mwanga. Kuseka mwambo wa eni n'kosavuta, makamaka kwa ife amene tangolawako mabuku awiri atatu. Funso limene lidandisowetsa tulo ndi ili: ngati chikhulupiriro chilibe umboni, koma anthu mamiliyoni akuchitsata, munthu wophunzira achite nacho chiyani? Achiseke, achilemekeze, kapena alimbane nacho? Ndikupemphani, owerenga, kuti tisanaweruze mlanduwu tiyambe tamva mbali zonse monga amachitira akuluakulu pabwalo.

Choyamba tidziwe kumene mantha amenewa amachokera. Gwero lake lili m'kamwa ndi m'khutu. Chitchaina ndi chiyankhulo cha mawu aafupi, ndipo mawu ambiri amamveka mofanana, kusiyana kwake n'kukweza kapena kutsitsa liwu basi. Ife zimenezi sitingadabwe nazo, pakuti m'Chichewa mawu oti "mtengo" amaimira chomera cha m'nkhalango komanso ndalama zogulira katundu, ndipo "khungu" ndi chikopa cha munthu komanso kusaona. Khutu ndilo limasiyanitsa. Tsono m'Chitchaina cha Mandarin, nambala 4 amati "si", liwu likutsika. Imfa amatinso "si", koma liwu limatsika kenaka nkukwera. M'chiyankhulo cha Cantonese, cha ku Hong Kong ndi chigawo cha Guangdong, mawu awiriwa ndi "sei" onse. Choncho wotchula 4 amakhala ngati watchula maliro. Ku Japan ndi ku Korea, kumene adabwereka mawu ambiri a Chitchaina, mantha omwewa aliko.

Nambala 8 ndiyo yokondedwa koposa. Amaitcha "ba", ndipo imamveka pafupi ndi "fa", mawu otanthauza kulemera ndi kupita patsogolo pa malonda. Apa imani pang'ono, anzanga. Mawu amene Mtchaina akawamva amaona chuma, ife tikawamva timaona manda, pakuti "fa" ndiye tsinde la kufa. Phokoso ndi limodzi, koma kuno ndi maliro, uko ndi phwando. Nambala 9, "jiu", imamveka ngati mawu oti "kukhalitsa", ndipo kale inali nambala ya mfumu: pa zitseko zambiri zazikulu za nyumba yachifumu ya ku Beijing pali misomali yokometsera m'mizere 9, mzere uliwonse misomali 9, yonse pamodzi 81. Nambala 6, "liu", imakumbutsa za kuyenda bwino ngati madzi a mumtsinje, kotero kuti achinyamata a kumeneko akafuna kuyamikira munthu waluso pa intaneti amangolemba 666. Nambala yomweyo mukailemba pa chitseko cha tchalitchi kwathu kuno, anthu okumbukira chilombo cha m'buku la Chivumbulutso angathawe osatenga ndi nsapato zomwe.

Izi zokha zikutiuza kanthu. Mphamvu imene imasintha munthu akangowoloka nyanja siili m'nambala. Moto umaotcha ku Zomba, umaotchanso ku Shanghai, pomwe 4 imaluma okhawo amene amaitcha "si". Ndiponso Atchaina eni ake sadaide 4 pa zonse. Chikhalidwe chawo n'chodzaza ndi zinayi zolemekezeka: nyengo zinayi za chaka, mbali zinayi za dziko, Mabuku Anayi a chiphunzitso cha Confucius amene ophunzira ankaloweza pokonzekera mayeso a ntchito za boma, ndi zida zinayi za mlembi, zomwe ndi burashi, inki, pepala ndi mwala wopererapo inki. Kwa mnzathu wa masamu uja ndingowonjezera kuti chombo chimene chidatera kuseri kwa mwezi pa 3 Januwale 2019, choyamba m'mbiri ya anthu kutera bwinobwino kumeneko, dzina lake ndi Chang'e 4. Akatswiri aja sadadumphe nambala, ndipo chombocho sichidagwe.

Nanga 8 yakeyo idabweretsadi mwayi? Masewera a Olimpiki a ku Beijing adatsegulidwa pa 8 Ogasiti 2008, nthawi ya 8 koloko madzulo, tsiku lachisanu ndi chitatu la mwezi wachisanu ndi chitatu. Chimenecho chinkayenera kukhala chaka cha madalitso okhaokha. Koma pa 12 Meyi chaka chomwecho chivomezi chachikulu chidagwedeza chigawo cha Sichuan. Anthu oposa 69,000 adafa ndipo ena pafupifupi 18,000 sadapezeke. Posakhalitsa ena adayamba kuwerengetsa zala: mwezi wa 5, tsiku la 12, ukaphatikiza 5, 1 ndi 2 upeza 8, ndipo kuchokera tsikulo kufika pa kutsegulira kwa masewera panali masiku 88. Nambala ya mwayi idasanduka ya tsoka m'kamphindi. Umu ndi momwe chikhulupiriro chotere chimadzitetezera. Zikayenda bwino, ndi 8. Zikavuta, ndi 8 yomweyo. Chiphunzitso chimene chimalongosola chilichonse ndiye kuti sichikulongosola kanthu.

Koma pali china choopsa kuposa kulakwa kwa kaganizidwe. M'chivomezi chija sukulu zambiri zidagwa ana ali m'kalasi, pomwe nyumba zina zoyandikana nazo zidatsala chiimire. Boma lidalengeza mu 2009 kuti ophunzira 5,335 adafa kapena kusowa. Makolo adafunsa za simenti ndi zitsulo zimene adamangira sukuluzo, ndi za anthu amene adavomereza ntchitoyo. Amenewo ndiwo mafunso oyenera. Munthu amene akuphatikiza 5, 1 ndi 2 pa maliro otere, ngakhale alibe cholinga choipa, akuthandiza kuchotsa mlandu pa mutu wa munthu ndi kuusenzetsa nambala, imene singaitanidwe kubwalo.

Tisaganize kuti kutsutsa zoterezi kudabwera ndi Azungu. Mtchaina wina woganiza mozama, Wang Chong, amene adabadwa m'chaka cha 27, adalemba buku lotchedwa Lunheng momwe adatsutsa anthu a m'nthawi yake osankha masiku amwayi oikira maliro, omangira nyumba, odulira nsalu, ngakhale osambira m'mutu. Ndipo ophunzira a ku Beijing amene adachita zionetsero pa 4 Meyi 1919 adali mbali ya gulu lofuna kuti sayansi ndi ufulu zilowe m'malo mwa miyambo yomanga anthu. Mpaka lero dzina la gululo ndi manambala a tsiku lija, 5 ndi 4, ndipo 4 Meyi ndi tsiku la achinyamata m'dzikolo. Mkangano umenewu ndi wa m'nyumba mwawo, ndipo ndi wakale kuposa yunivesite yathu.

Pofika apa wina anganene kuti mlandu watha: nambala ilibe mphamvu, chotsala n'kuphunzitsa anthu. Ndidaganiza chomwecho poyamba, koma nkhaniyi ili ndi mchira. Chikhulupiriro chikagwira anthu ambiri chimabala zipatso zogwirika ndi manja. Mu 2003 kampani ya ndege ya Sichuan Airlines idagula nambala ya telefoni 8888 8888 mumzinda wa Chengdu pa mtengo wa ma yuan 2.33 miliyoni. Ku Hong Kong boma limagulitsa manambala a galimoto pa okushoni: nambala 18 idagulidwa madola a kumeneko 16.5 miliyoni mu 2008, ndipo 28, imene m'Cantonese imamveka ngati "kulemera mosavuta", idagulidwa madola 18.1 miliyoni mu 2016. Akatswiri a zachuma atafufuza malonda a nyumba mumzinda wa Vancouver ku Canada adapeza kuti m'madera okhala Atchaina ambiri, nyumba zimene nambala yake imathera ndi 4 zinkagulidwa motsika ndi maperesenti awiri ndi pang'ono, pomwe zothera ndi 8 zinkakwera ndi muyeso wonga womwewo.

Taganizani tsono za munthu wosakhulupirira zonsezi, wophunzira ngati inu ndi ine, amene akufuna kugula nyumba kumeneko. Iye akudziwa kuti 4 siluma. Koma akudziwanso kuti tsiku lina adzafuna kugulitsa nyumbayo, ndipo ogula adzanyinyirika. Choncho naye aipewa, kapena apempha kuti amutsitsire mtengo. Pochita zimenezi akulimbikitsa chikhulupiriro chomwe amachikana. Palibe amene wanama, palibe amene wapusa, koma onse agwidwa mu msampha umodzi. Ndalama ya pepala nayo ndi chimodzimodzi: payokha singakhutitse munthu, koma poti tonse tidavomerezana, imagula ufa. Bodza limene aliyense akulitsata limayamba kulipiritsa ngakhale amene akulidziwa kuti ndi bodza.

Ndipo apa ndi pamene mtima wanga umawawa. Mwayi ukakhala ndi mtengo, umapita kwa amene ali nazo kale. Wolemera amagula 8, ndipo anthu akamuona m'galimoto lake amati, "Onani, nambala yamuthandiza," kuiwala kuti chuma ndicho chidagula nambala. Wosauka amatenga zotsala: nambala ya foni yotsika mtengo yodzaza ndi 4, chipinda chimene ena adachikana. Ngati naye amakhulupirira, ndiye kuti wasenza katundu pawiri, umphawi ndi mantha. Zikamuvuta, anthu ali ndi yankho lokonzeratu losafuna kufunsa za malipiro ake kapena za sukulu imene sadapiteko. Ndivomereze kuti ku Hong Kong ndalama za okushoni ya manambala apaderawa zimapita ku thumba lothandiza ntchito zachifundo, ndipo imeneyo ndi nzeru: ngati olemera afuna kugula mphepo, bola mphepoyo idyetse ovutika. Komabe chiphunzitso chobisika chimatsala, choti madalitso ali pa msika.

Nthawi zina mtengo wake umaposa ndalama. Ku Hong Kong nyumba ina yotchedwa 39 Conduit Road ili ndi nsanjika 46, koma eni ake adadumpha manambala ambiri kotero kuti nsanjika yapamwamba idatchedwa 88. Anthu adadandaula mu 2009, ndipo boma lidakhwimitsa malangizo a kawerengedwe ka nsanjika chaka chotsatira. Mu 2015 mzinda wa Vancouver udaletsa kudumpha manambala m'nyumba zatsopano, kaya ndi 4 woopedwa ndi Atchaina kaya 13 woopedwa ndi Azungu. Chifukwa chake chidali cha ozimitsa moto. Munthu wokwera makwerero mu utsi amawerenga nsanjika ndi miyendo yake, ndipo ngati wauzidwa kuti mwana ali pa 15 pomwe kwenikweni ali pa nsanjika ya 12, nthawi yotayikayo ndi moyo wa munthu. Nsanjika yachinayi sichoka chifukwa choti mwaisintha dzina. Wogona pa 5 m'nyumba ya alendo ija adagona pa 4.

Padalinso kafukufuku amene adatuluka m'magazini ya madokotala ya British Medical Journal mu 2001, wonena kuti pakati pa Atchaina ndi Ajapani okhala ku America imfa za matenda a mtima zinkachuluka pa tsiku la 4 la mwezi. Ofufuza ena atabwereza ntchitoyo sadapeze zofananazo, choncho tisaimange ngati mfundo. Koma ngakhale zikadakhala zoona, wakupha akadakhala mantha, pakuti tsikulo limadutsa mwa anthu ena onse osawakhudza.

Kodi ndiye kuti tithetse zonse? Apa ndikubwerera m'mbuyo pang'ono, pakuti pali mbali ina imene kuseka kwathu kwa ku kafeteriya sikudaione. Xunzi, mphunzitsi wa chiphunzitso cha Confucius amene adakhala ndi moyo zaka zoposa 200 Yesu asanabadwe, ankaphunzitsa kuti mwambo wopempha mvula subweretsa mvula, pakuti mvula ikafuna kugwa imagwa ngakhale popanda mwambo. Komabe sadanene kuti mwambowo uthe. Kwa iye munthu wanzeru amausunga ngati chokometsera moyo wa anthu pamodzi, ndipo ngozi imabwera pokhapo munthu akayamba kuuyesa mphamvu ya mizimu. Maganizo amenewa andithandiza kuposa ena onse.

Taonani agogo a ku China akupatsa mdzukulu envulopu yofiira pa chaka chatsopano, muli ma yuan 88 kapena 888. Sindikhulupirira kuti agogowo amayesa kuti pepalalo lili ndi mankhwala. Akunena ndi manambala zimene pakamwa pangachite nazo manyazi: "Ndikufuna ukule bwino." Mnyamata wolembera chibwenzi chake 520, imene imamveka pafupi ndi mawu oti "ndimakukonda", akuseweretsa chiyankhulo monga achitira alakatuli athu a m'gulu lino. Ndipo pa 4 Januwale 2013 maukwati adachuluka m'mizinda ya ku China, chifukwa 2013, 1, 4 imamveka ngati lonjezo lokondana moyo wonse. Taonani, 4 yemwe uja ali pakati pa tsiku la ukwati! Anthu ochita zimenezi si akapolo a nambala. Akuigwiritsa ntchito monga mmisiri agwiritsira sompho. Munthu wopita ku ukwati wa Mtchaina ndi mphatso ya ma yuan 444 kuti aonetse kuti iye ndi wophunzira sadaonetse nzeru, waonetsa mwano. Sititchula maliro pa chinkhoswe, ngakhale tikudziwa kuti mawu sapha.

Pali nambala inanso imene ndiyenera kuitchula, yoopedwa mwa mtundu wina. Usiku wa pa 3 kuchezera pa 4 Juni 1989, asilikali adalowa mumzinda wa Beijing kukathetsa zionetsero za ophunzira ndi anthu wamba zimene zidakhazikika pa bwalo la Tiananmen. Adafa anthu mazana, ena amati zikwi. Atchaina amatchula tsikulo ndi manambala awiri, 6 ndi 4. Pa intaneti ya m'dzikolo 64 ndi 8964 ndi manambala amene amatsekedwa, kotero kuti ofuna kukumbukira adapeka tsiku loti "35 Meyi", limene ukawerenga bwino limagwera pa 4 Juni. Pa 4 Juni 2012 mulingo wa msika wa masheya wa ku Shanghai udatsika ndi mapointi 64.89, ndipo oyang'anira intaneti adatsekanso mawu ofufuzira za msikawo. Onani kusiyana kwake. Wamba amaopa 4 chifukwa cha kamvekedwe kake, pomwe amphamvu amaopa 64 chifukwa cha zimene zidachitikadi. M'nambala 8964 muli 8 wa chuma, 9 wa kukhalitsa ndi 6 wa kuyenda bwino, koma onse atatu alephera kuiyeretsa. Chikepe chodumpha 4 ndi kalendala yodumpha 4 Juni zikuchita ntchito imodzi, yofufuta dzina poyembekeza kuti chinthucho chichoka. Koma kudumpha koyamba kumatonthoza mlendo wamantha, pomwe kwachiwiri kumalanda mayi ufulu wolira mwana wake poyera.

Tsono yankho langa pa funso lija ndi lotere. Kufunsa ngati chikhulupiriro n'choona n'kofunika, ndipo pa nkhaniyi yankho n'lachidziwikire: 4 sipha, 8 silemeretsa. Koma wophunzira asaime pomwepo ngati wamaliza ntchito. Afunsenso kuti chikhulupirirocho chikuchita chiyani pakati pa anthu, akupindula ndani, akulipira ndani. Pamene nambala ili mawu a chikondi, mphatso kapena nthabwala, ailemekeze monga amalemekezera moni wa eni mudzi, ngakhale moniyo sachiritsa matenda. Pamene nambala yayamba kusokeretsa wozimitsa moto, kudyera wosauka masuku pamutu, kubisa womanga sukulu ndi simenti yochepa, kapena kutseka pakamwa pa olira, pamenepo ulemu uthe, ayankhule. Malire ake sali pakati pa ophunzira ndi osaphunzira, kapena pakati pa Atchaina ndi ife. Ali pakati pa munthu wogwiritsa ntchito chizindikiro ndi munthu wogwiritsidwa ntchito ndi chizindikiro.

Ndisanatseke ndiulule kanthu. Mayeso a chaka chatha ndidalembera cholembera chimodzi mapepala onse, chifukwa ndi chimene ndidalembera pepala loyamba limene lidandiyendera bwino. Chitayamba kutha inki pa tsiku lomaliza, mtima udagunda ngati ndaona kadzidzi padenga masana. Ndikudziwa anzanga angapo m'gulu lino amene ali ndi malaya awo a mayeso. Palibe mwa ife amene angalembe zimenezi pa pepala la filosofi, komabe timazichita, chifukwa tsoka silinunkha ndipo mtima wa munthu umafuna pogwira. Atchaina adangoika pa mabatani a chikepe zimene ife timabisa m'thumba. Cholembera chija ndikadali nacho, ndipo sindichitaya. Koma ndikadzalephera mayeso a chaka chino, musadzandilole kuchipatsa mlandu. Mudzandifunse kuti ku laibulale ndidapitako kangati.